Chilombo cha Zipi Pamsana

Mpaka lero munthu akamanditamira chithunzi chowala cha pa kanema, mtima umandiwawa. Ndinali ndi kanyumba koonetsera mafilimu kuseri kwa msika wa Nkhata Bay, zaka zija matepi akutha mphamvu, madividi akungolowa kumene. Mabenchi a matabwa, mazenera otseka ndi masaka, sipika imodzi panja yoitanira anthu. Anzanga a ntchito yomweyi anali atagwira mafilimu a ku Nigeria, ndipo anthu ankathamangira kumeneko. Ine chondisunga pamalo paja chinali tepi imodzi basi.

Inali filimu yakalekale yoopsa, ya chilombo cha pansi pa madzi chimene chinkakoka anthu m'mabwato. Tepiyo inakopedwa ku tepi ina, imenenso inakopedwa ku inzake, moti chithunzi chinali mdima wokhawokha. Chilombocho sichinkaoneka bwino ayi. Unkangoona chinthu chakuda chikuvuuka, maso awiri, kenako mizere ikuthamanga pa sikirini. Mawu nawo ankangoti fwaaa ngati nsomba mu chiwaya, ndipo anthu ankati kumeneko ndi kupuma kwa chilombo. Kwathu kuno aliyense ali ndi mbale wake wa pa bwato, ndiye filimu ija inkawalowa m'mafupa. Tsiku lofika sitima, onyamula katundu a ku doko akaweruka masana ankadzaza nyumba mpaka ena kukhala pansi. Panali chimunthu china mwa iwo, chonyamula matumba awiri osapepesuka, chimene chinkakhala pakhomo nthawi zonse, ati pamapita mphepo. Bodza! Chinkakonzekera kuthawa.

Ndiye alamu anga, amuna a mlongo wanga, anabwera kuchokera ku Joni. Anaonera tepi ija pang'ono n'kugwira pakamwa.

"Alamu, mukuwapha maso anthu ndi zinyalala izi? Ndikubweretserani yeniyeni."

Ulendo wotsatira anabweretsadi, dividi ya m'bokosi lake, osati zokopa za m'mbali mwa msewu. Deki yoonetsera madividi ndinakagula ku Mzuzu. Alamu anandiwerengera za kuseri kwa bokosi: chithunzi chatsukidwa, mawu akonzedwa, komanso muli zoonjezera. Ine mutu unakula. M'mawa wa tsiku loyamba kuionetsa dividiyo, amayi eni nyumba, amene ankayanika usipa kuseri, anadzapempha tepi yakutha. Kwathu riboni ya tepi amaimanga pamwamba pa thandala la nsomba, ikamanyezimira ndi mphepo akhwangwala amaopa kutera. Ndinawapatsa tepi ija ndi manja awiri.

"Tengani amama, yatha ntchito iyi."

Dividiyo ndinali ndisanaiyese n'komwe, chifukwa magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake. Anayaka masana, anthu ali kale pamabenchi.

Filimu itangoyamba, kudandaula kunayamba. Pamwamba pa sikirini mdima, pansi mdima, chithunzi changokhala ngati lamba pakati.

"Ada, chithunzi china mwabisa kuti?" anafuula wina kumbuyo.

Alamu anaimirira n'kufotokoza kuti ndi momwe zimaonekera ku sinema. Anthu anang'ung'udza koma anakhala. Kenako ndinaona kuti kupuma kwa chilombo kuja kulibe. Mawu anali mbee, madzi akumveka ngati mwana akusamba m'beseni.

Ndiye chilombo chinavuuka. Mayo ine! Kuwala konse kuja kunathera pa icho. Chinali chobiriwira, cha labala, makwinya m'maondo ngati thalauza yobwereka. Chitatembenuka, zipi inaoneka pamsana, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Chimunthu cha pakhomo chija ndicho chinayamba.

"Aaa! Uyu ndi munthu wavala ovolosi!"

Kuseka kwake! Munthu akukokedwa m'bwato akukuwa, kuno anthu akugwira nthiti. Ndinati bola filimu ithe, mwina mawa ndichepetsa kuwala. Koma itatha alamu analanda rimoti.

"Musachoke, kuli zoonjezera!"

"Alamu, chonde, basi," ndinawanong'oneza.

"Inu simudziwa, kumeneku ndiye kokoma."

Kokoma kwake kunali kuonetsa momwe anapangira filimuyo. Tinaona bambo wadazi, wa chimimba, atakhala pampando, mutu wa chilombo uli pamwendo, akumwa tiyi. Nyanja yoopsa ija inali dziwe losambira la simenti. Magazi ankawasakaniza mu ndowa ndi mthiko, mayi wina n'kumalawa ndi chala. Chimunthu chija chinachoka pakhomo, n'kudzakhala benchi ya kutsogolo kwenikweni, koyamba chiyambire.

"Kani ndi adada awa akhala akutithamangitsa zaka zonsezi?"

Ndinapsa mtima, osati ndi iye koma ndi alamu, amene ankasekera limodzi ndi anthu ngati andichitira zabwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinawasiya momwemo n'kuthamangira kuseri kwa nyumba.

Bokosi la tepi linali pansi, ataliphwanya ndi mwala. Riboni inali itamangidwa kale pamitengo, uku ndi uku, yoduladula, ikuphethira padzuwa pamwamba pa usipa.

"Amama, tepi ija..."

"Yewo ada, ikugwira ntchito bwino. Taonani, palibe watera."

Ndinayesa zonse. Ndinachepetsa kuwala mpaka sikirini kuda bii. Ndinaika wailesi pamalo opanda siteshoni kuseri kwa kanema kuti izipuma ngati chilombo. Sizinathandize. Chikangovuuka, wina ankakuwa kuti "Zipi!" nyumba yonse n'kufa nako kuseka. Anabwera kudzaseka kangapo, kenako nthabwala inazizira. Ndinakwera minibasi kukafuna tepi ina ku Mzuzu, ogulitsa anandiyang'ana ngati ndikufunsa mankhwala a kwa sing'anga. Ndipo ngakhale ndikanaipeza, maso amene anaona zipi ukanawabweza bwanji?

Tsiku lina sitima inafika, ndinatsegula, ndinakweza sipika, mabenchi anakhala okha mpaka dzuwa kupendeka. Mvula isanayambe ndinachotsa masaka m'mazenera n'kubweza makiyi. Pochoka ndinadutsa kuseri. Akhwangwala anali ndandanda padenga, akuyang'ana usipa, koma palibe amene analimba mtima kutsika. Filimu yanga inali ikuopsabe.