Solfrid anatsikira ku Harstad

Solfrid Nikolaisen anabadwira pakachilumba kena ka ku Lofoten, m'nyumba yomwe inkanunkha nsomba chaka chonse. Bambo ake anali msodzi, mayi ake ankayanika nsomba pamathandala, ndipo iye anayamba kudula malilime a nsomba, omwe kumeneko amawagulitsa ngati ndiwo, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, zala zitachita dzanzi ndi chisanu. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu analembedwa ntchito pasitima zoyenda m'mbali mwa gombe, kuchokera ku Bergen mpaka kumpoto kwenikweni. Ankayala mabedi, kutsuka zimbudzi ndi kutsitsira nsalu zakuda kochapira, pansi penipeni pa sitima, kopanda zenera. Ntchitoyo anaigwira zaka makumi anayi. Alendo akamufunsa dzina la phiri lomwe akudutsa, ankayankha molondola osasuzumira n'komwe kunja, chifukwa ankadziwa pomwe afika pongomva mmene sitima ikugwedezekera.

Anakwatiwa ndi Oddvar, wokonza mainjini a maboti ku Borkenes, munthu wosayankhulayankhula. Anabereka mwana mmodzi, Torunn, yemwe analeredwa kwambiri ndi bambo ake poti mayi ankatha masabata atatuatatu ali panyanja. Tsiku lina Oddvar anagwa kuntchito kwake, nafa ziwalo mbali yakumanja, mawu n'kutsekeka. Solfrid anasiya ntchito nakhala pakhomo. Anamwino ankabwera m'mawa ndi madzulo, koma zotsala zonse zinali zake: kumudyetsa, kumupukuta, kumutembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, ndi kulota chomwe akufuna kunena akamaloza ndi dzanja lamoyolo. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha choncho. Oddvar anamwalira mu Febuluwale, chipale chofewa chitatseka msewu wa kutchalitchi.

M'mwezi wa Meyi Solfrid anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo Torunn anaimba foni kuchokera ku Oslo ali ndi nkhani yomwe ankaiona ngati yabwino. Anali atawagulira mayi ake ulendo wa masiku asanu ndi atatu pasitima yaikulu ya alendo, yoyendera zilumba ndi mafiyodi, timikono ta nyanja tolowerera pakati pa mapiri.

"Mwayalira anthu mabedi moyo wanu wonse, amayi," anatero Torunn. "Ulendo uno akuyalireni inuyo."

Solfrid ankangofuna kuti amusiye agone, koma mwanayo anayankhula mosangalala kwambiri moti kukana kukanakhala nkhanza. Anathokoza. Kenaka Torunn anawonjezera kuti sakapita okha, akapita ndi a Gunvor, azakhali ake.

Gunvor anali mlongo wa Oddvar. Ankakhala ku Trondheim, ndipo pazaka zonse za matendawo ankabwera kawiri pachaka ndi maluwa ndi keke, n'kukhala ola limodzi, kenaka n'kukalirira m'galimoto. Solfrid sanamunenepo kanthu.

Motero mu Julayi anakwera ndege kupita ku Bergen kuti akakwere sitima yodzadutsa pafupi ndi pakhomo pake. Chipinda chawo chinali ndi zenera lalikulu ndi kakhonde kakekake. Gunvor anatsegula makabati onse, nanunkhiza sopo, nayamba kuwerenga mokweza ndandanda ya zochitika: nyimbo, magule, maphunziro a kaphikidwe ka nsomba. Solfrid anakhala pabedi napisa dzanja pansi pa matiresi kuti aone mmene apindira nsalu. Anali atapinda bwino.

Tulo sitinkabwera. Thupi linkamudzutsabe maola awiri aliwonse ngati pali womutembenuza, ndipo kuwala kwa chilimwe cha kumpotoko, komwe usiku sikuda kwenikweni, kunkaboola makatani. M'mawa ankayala bedi lake, kenaka la Gunvor, n'kupukuta sinki. Tsiku lachiwiri woyeretsa chipinda anamupeza akupinda matawulo. Anali mayi wa ku Philippines wazaka za m'ma makumi asanu, dzina lake Marites, ndipo anamupempha mwaulemu kuti asamatero, chifukwa kapitawo akaona adzaganiza kuti mlendo sakukhutira ndi ntchito. Solfrid anafunsa kuti ali ndi zipinda zingati. Marites anati khumi ndi zisanu ndi zitatu. Solfrid anati iye ankakhala ndi makumi awiri ndi ziwiri, koma zinali zing'onozing'ono. Anayang'anana mawondo otha ndi ntchitoyo, onse awiri n'kuseka pang'ono. Marites anakhala m'mphepete mwa mpando kamphindi kochepa, nafotokoza kuti kwawo sanapiteko miyezi isanu ndi iwiri, kenaka anadzuka poti ngolo yake ya zoyeretsera inali itatseka njira. Kuyambira tsikulo Solfrid ankasiya bedi losayala, koma ankachotseratu nsalu n'kuziunjika pakhomo kuti mnzakeyo asawerame kawiri.

Kodyera kunali chakudya choti munthu sangachimalize ndi maso. Solfrid ankatenga buledi ndi tchizi chofiirira, khofi, basi. Gunvor ankadzaza mbale n'kumacheza ndi aliyense, ndipo pofika tsiku lachitatu theka la sitima linkadziwa kuti mlongo wake wamwalira.

Tsiku limenelo masana analowa m'fiyodi ya Geiranger. Anthu onse anakwera pamwamba ndi makamera. Mathithi ankatsika m'mapiri mbali zonse, ndipo mawu a wofotokoza ankamveka pachimkuzamawu m'zilankhulo zinayi. Solfrid anapeza mpando kuseri kwa mphepo nafunda bulangeti m'miyendo. Pafupi naye Gunvor anali atakola banja lina la ku Denmark, ndipo anali pankhani ya Oddvar, akupukuta misozi ndi kampango.

"Tinavutika naye zaka khumi ndi ziwiri," ankatero Gunvor. "Sitinkagona. Koma nanga n'kutani, magazi ndi magazi."

Solfrid sanakonzekere kuyankhula. Anangomva mawu ake akutuluka, osakweza n'komwe.

"Alamu, kodi ankagonera mbali iti?"

Gunvor anatembenuka, osamvetsa.

"Mlongo wanuyo. Ankagonera mbali iti kuti apume bwino? Nanga mankhwala ankamwera chiyani, poti madzi ankamutsamwa?"

Banja la ku Denmark lija linapeza mathithi ena oti likajambule. Gunvor anaima pomwepo, nkhope itafiira mpaka m'khosi. Patapita nthawi anakhala pampando woyandikana nawo, nayang'ana nsapato zake.

"Ndinkamuopa," anatero. "Anali munthu wonyamula injini yekha. Ndikamuona akutuluka dovu ndinkangofuna kuthawa. Inu munkatha, ine ayi."

"Sindinkatha," anayankha Solfrid. "Kungoti panalibe wina."

Sitima inakhota kumapeto kwa fiyodi n'kuyamba kubwerera, iwo ali chikhalire.

Masiku awiri otsatira anali olemetsa kuposa oyamba aja. Gunvor anasanduka munthu waulemu. Ankamubweretsera khofi, kumufunsa ngati akumva kuzizira, kuyenda monyang'ama m'chipinda. Solfrid anadzimvera chisoni kuti anayankhula pagulu, komabe sanapeze mawu oti abweze, chifukwa zomwe ananenazo zinali zoona. Atafika ku Lofoten anatsika limodzi ndi gulu n'kukwera basi yokaona mudzi wa asodzi. Mtsikana wowatsogolera anawaonetsa mathandala opanda nsomba nafotokoza kuti kale ana ankadula malilime a nsomba, ndipo ena amaterobe. Alendo anajambula. Gunvor anatsegula pakamwa kuti anene kuti mlamu wakeyu ndi wa konkuno, koma anamuyang'ana kaye n'kutseka. Solfrid anakhala pamwala kudikira kuti basi inyamuke. Miyendo inali itatupa.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi sitima inakocheza ku Harstad. Solfrid anadzuka, nalongedza chikwama chake, nauza Gunvor kuti iye ulendo wathera pano. Kunyumba kunali mtunda wa theka la ola pabasi, ndipo sankaona chifukwa chopitirira mpaka ku Tromsø n'kudzabwereranso pandege. Gunvor sanatsutse. Anangofunsa kuti amuuza chiyani Torunn.

"Mumuuze kuti zinali bwino. Zinalidi bwino, sitima ndi yaukhondo."

Anakasaina pepala kuofesi ya alendo, komwe anamufunsa kawiri ngati pali chomwe chamukhumudwitsa. Anamusaka Marites kuti atsanzikane, koma anangopeza ngolo yake pakhonde, mwiniwake ali m'chipinda china makina oyeretsera akulira. Gunvor ananyamula chikwama mpaka pamlatho wotsikira, ndipo apo anagwirana manja ngati anthu ongodziwana kutchalitchi.

Kunyumba anapeza kuti a zaumoyo abwera kudzatenga bedi lachipatala la Oddvar, monga anapangana, kiyi n'kusiya kwa aneba. Pabalaza panatsala mabanga anayi pomwe panali mateyala. Udzu unali utakula, ndipo m'bokosi la makalata munali nyuzipepala za sabata yonse. Anatsegula mazenera, nateleka madzi a khofi, nakhala pasofa kudikira kuti awire. Tulo tinamuba, ndipo anadzidzimuka ketulo itazizira kalekale, foni ikulira. Anali Torunn, mawu ali pakati pa kukwiya ndi kulira. Solfrid anamvetsera mpaka mwanayo anamaliza, kenaka anapepesa, namufunsa ngati angabwere ndi ana mu Ogasiti sukulu isanatsegulidwe. Torunn anati aona.

Anabweradi ndi ana, nakhala masiku anayi. Mu Sepitembala kunabweranso Gunvor, osaitanidwa, ndi nsapato zajombo m'chikwama, nati wamva kuti mbatata ya kachewere sinakumbidwe. Sankadziwa kukumba, ankabaya mbatata zambiri ndi foloko, ndipo pofika tsiku lachiwiri pakamwa pake panali patatsegukanso monga kale. Anakhala masabata awiri. Tsiku lina ali kumunda anafunsa kuti kodi Oddvar ankatha kuseka pazaka zomalizazo, ndipo Solfrid anaima, natsamira khasu, namufotokozera zomwe ankakumbukira.

Solfrid akukhalabe ku Borkenes. Torunn amamuumiriza kuti agulitse nyumbayo asamukire ku Oslo, pafupi ndi adzukulu, ndipo iye amayankha kuti aganiza chisanu chikatha. Bondo lakumanzere analichita opaleshoni chaka chatha. Lakumanja akudikira kalata ya kuchipatala.