Ratmi ndi Mpando wa Maluwa

Zinayamba m'nyengo yozizira ya 2016, Lolemba pa 13 Juni, m'chipinda chochapira zovala cha nyumba ina yosamalira okalamba ku Cannington, mumzinda wa Perth ku Australia. Mayi Annastazia Msaiwale anapeza wantchito watsopano, mayi wamfupi wa ku Indonesia, akupinda zofunda. Sokosi inagwa kuchokera pashelefu yapamwamba, ndipo mayiyo, osacheuka n'komwe, anangoponya dzanja kumbuyo n'kuiwakha isanafike pansi.

"Inu, dzanja limeneli munalitenga kuti?" anafunsa Annastazia.

"Ku ntchito yanga yakale. Dzina langa ndi Ratmi."

Za ntchito yakaleyo Annastazia anazimva pang'onopang'ono, akamayenda limodzi kupita kusiteshoni ya sitima ataweruka. Ratmi Kusnadi anabadwa pa 2 Malichi 1972 m'katauni kena pachilumba cha Java. Kwawoko badiminitoni ali ngati mpira wamiyendo kwathu: ana amamanga chingwe pakati pa msewu n'kumamenyerana kampira ka nthenga mpaka amayi awo atatopa kuwaitana. Ali ndi zaka 17 anamutengera ku Jakarta, kumene timu ya dziko imakonzekerera. Anavala malaya a dziko lake ku Malaysia, ku Japan, ku Denmark ndi ku England, makamaka m'masewera a awiriawiri, iye ataima pafupi ndi neti pamene kampira kamabwera ngati mphezi.

Mu Okutobala 1995 timu inapita ku mpikisano wa mayiko, ndipo mphunzitsi anamuika pabenchi. "Mawa, Ratmi," ankatero tsiku lililonse. Sabata yonse inatha iye atakhala pansi, laketi ili pamiyendo, akuwombera anzake m'manja. Atabwerera kwawo, pa 9 Novembala, mtsempha wa bondo lakumanja unaduka pokonzekera, ndipo zonse zinathera pomwepo. Anakwatiwa ndi wophika wina, anasamukira ku Perth mu 2003, ndipo mwamunayo anamwalira mu 2014.

"Bondo silindipweteka kwambiri," anauza Annastazia tsiku lina. "Chondipweteka n'chakuti bwalo sindinalitsanzike. Masewera anga omaliza ndinasewera osadziwa kuti ndi omaliza."

Kuyambira 2017, Loweruka lililonse, Ratmi ankaphunzitsa amayi angapo a ku Malawi m'holo ina ya ku Cannington. Iye sankathamanga, ankangoima pamodzi n'kumawaponyera timipira. Annastazia, yemwe anali katswiri wa netibo kusekondale koma thupi linali litabwera, ndiye ankazimva kwambiri.

"Achemwali, miyendo!" Ratmi ankakuwa, poti liwu lakuti achemwali analigwira msanga. "Mukudikira kuti kampira kabwere kadzakupatseni moni?"

"Ibu, mundipha ine! Ndili ndi adzukulu!" Ibu ndiye kuti mayi m'chinenero cha kwawo kwa Ratmi.

Mu Malichi 2024 dokotala anagamula kuti bondolo alichotse aikemo lachitsulo, pa 23 Julayi. Kuyenda adzayenda, koma zodumpha aiwale. Pamenepo Ratmi anapempha chinthu chimodzi. Mabanja a ku Malawi ankakonza phwando la ufulu wa dziko lawo pa 6 Julayi m'holo yomweyo, ndipo pankayenera kukhala masewera. Iye anafuna kusewera kamodzi kokha, ali mbali imodzi ndi Annastazia, powerenga zigoli, anthu akuonerera. Anayamba kukonzekera, bondo atalimanga, madzulo n'kumaliika ayezi.

Annastazia anakafotokoza kukomiti. Wapampando, Bambo Evaristo Kondanani, atamva kuti mayiyo anaimirirapo dziko lake kunja, maso anatuluka.

"Munthu wotere tizingomuona akuthamangathamanga? Ayi! Akhale mlendo wolemekezeka!"

"Bambo, sanapemphe ulemu. Wapempha bwalo."

"Adzasewera, mayi, adzasewera. Tikangomaliza mwambo."

Annastazia anavomera, ndipo mpaka lero akakumbukira kuvomera kumeneko amaluma mano.

Tsikulo, Loweruka, holo anaibwereka mpaka faifi koloko. Ratmi anafika atavala kabudula wamasewera ndi nsapato zoyera, chikwama cha malaketi kumsana. Pakhomo pomwepo wina anachilanda chikwamacho, ati mlendo sanyamula katundu. Mayi Lilly Kunda, wachiwiri kwa wapampando, anamumanga chitenje chatsopano pamwamba pa kabudulayo, n'kumubaya duwa pachifuwa. Anamukhazika pampando wokongoletsedwa ndi maluwa kuseri kwa tebulo la nsalu yoyera, ndipo tebulolo analiika pakati penipeni pa bwalo limene iye anadzera.

Atafuna kuimirira kuti atenthetse thupi, manja anatuluka mbali zonse. "Khalani, mayi, khalani! Musavutike!" Kwawo kwa Ratmi nakonso munthu sakana ulemu pagulu, amamwetulira ngakhale mtima ukupsa. Ndiye anamwetulira, nakhala.

Linabwera pemphero, inabwera nyimbo ya fuko, kenako zolankhula. Wolankhula aliyense ankayamba ndi kupereka ulemu kwa apampando, achiwiri awo, abusa, amayi abusa, akuluakulu onse mmodzimmodzi, ngati kuti amene anamutsogolera sanawatchule. Onse anamutamanda Ratmi. Wina anati ndi wa ku Malaysia. Wina anati anagwedeza dziko pa tenesi. Ana ankayasamula, akufunsa makolo awo m'Chingelezi kuti masewera ayamba liti.

Annastazia anali kukhitchini, poti ntchito yogawa mpunga inagwera amayi monga mwa masiku onse. Anatuluka, chipande chili m'manja, nakawerama pafupi ndi wapampando.

"Bambo, nthawi yatha. Chotsani tebulo."

"Mayi Msaiwale, tisanapereke mphatso? Mukufuna mlendo akanene chiyani za Amalawi?"

Mphatso inabwera movina, amayi akupita patsogolo n'kubwerera, nthungululu zili pakamwa. Nyimbo inatha, anaibwereza.

Itatsala pang'ono kukwana faifi, woyang'anira holo, Bambo Brown, analowa ndi makiyi ake, napepesa, n'kuyamba kumasula maneti. A basiketibo anali atafika kale pakhomo. Bambo Kondanani anagwira maikolofoni nkhope ili yowala.

"Abale, nthawi si yathu. Masewera a badiminitoni tidzachita chaka chamawa!"

Anthu anawomba m'manja. Annastazia anayang'ana kutebulo. Ratmi nayenso ankawomba, atakhala mowongoka, mawondo ali pamodzi. Benchi ija ya 1995 Annastazia sanaionepo, koma anaizindikira.

Chipande cha Annastazia chinagunda pansi moti holo yonse inatembenukira kwa iye.

"Chaka chamawa ndi bondo la ndani? Lanu, a Kondanani?"

"Mayi, pali ana ndi alendo…"

"Alendo ndi amene mwawamangawa! Munthu wapempha kanthu kamodzi, inu mwamupatsa mpando. Mwamuveka maluwa ngati bokosi la maliro, munthu ali moyo! Mwalankhula tsiku lonse, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene wamufunsa chimene akufuna. Ulemu wanji wosamva? Munafuna chithunzi basi!"

"Annastazia, wayamba," anatero Mayi Kunda chapansipansi.

"Ndachedwa kuyamba!"

Anapita kutebulo, namugwira Ratmi padzanja, namasula chitenje chija pamaso pa abusa. Chikwama anachipeza pansi pa mulu wa majekete. Anatuluka awiriwo kupita koimika magalimoto. Kunja kunali mphepo ya Julayi yochokera kunyanja, ndi mvula yowaza. Annastazia anapota chitenjecho ngati chingwe, nachimanga pakati pa galimoto lake ndi mtengo wa nyali.

"Ibu, neti ndi imeneyi. Pepani."

Ratmi anachiyang'ana chitenjecho, naseka. "Ndinayambira pamsewu, achemwali. Ponyani."

Sanali masewera ayi. Mphepo inkatenga kampira kupita nako pansi pa magalimoto, nthenga zinanyowa, zigoli panalibe wowerenga. Anthu anali m'kati akupinda mipando. Koma kamodzi mphepo inapuma, Annastazia anamenya kampira m'mwamba, ndipo mayi wa zaka 52 uja anabwerera m'mbuyo, nadumpha, miyendo yonse itachoka pansi. Laketi inalira, kampira kanagwera pakati pa mapazi a Annastazia iye asanaphethire. Ratmi anatera pabondo loipalo, nagwira galimoto, akupuma movutikira.

"Chabwino," anatero. "Ndatsanzika."

Annastazia anadziwa kuti mawuwo anali omutonthoza iye. Mayiyo anapempha bwalo la matabwa, mizere, ndi maso a anthu. Chimene anapatsidwa ndi phula lonyowa ndi mnzake mmodzi wolira ndi ukali.

Mawa lake chithunzi chinayenda m'mafoni: Ratmi pampando wa maluwa, akuluakulu atamuzungulira, pansi atalemba kuti Amalawi amadziwa kulandira alendo. Bambo Kondanani anatumiza Mayi Kunda kukauza Annastazia kuti komiti yamukhululukira. Annastazia anamuyankhira pakhomo kuti chikhululukirocho abwerere nacho, akachikhazike pampando, achiveke duwa. Kukomiti sanapitenso.

Opaleshoni inachitika pa 23 Julayi. Annastazia ndiye ankamuperekeza kukaphunzira kuyenda, akumubwezera mawu ake omwe: "Ibu, miyendo!" Ntchito yochapa inafuna kuimirira tsiku lonse, bondo latsopano linakana, ndipo mng'ono wake wa ku Java anamuitana kuti akakhale naye. Kubwalo la ndege Annastazia anam'landa sutikesi kuti amunyamulire, kenako anakumbuka, namubwezera. Ratmi anaikoka yekha, ndodo kudzanja linalo, mpaka analowa pachipata. Linali Lachinayi, pa 14 Novembala 2024.