Nambala ya pa Ovolosi ya Batate

Fungo la feteleza likandipeza mu minibasi ya ku Nangongwe, ndimaona ovolosi ya Batate, bambo anga. Pachifuwa pake panali nambala yawo ya kufakitale ya feteleza, 10007.

"Iyi siigawika," ankatero akudzimenya pamtima. "Yesa pawiri, yesa patatu, kaya pasanu, pazatsala kanthu. Ni yolimba monga nyumba yathu."

Ine ndinkayesa kuti ndi mankhwala otiteteza, moti ovolosiyo ikayanikidwa ndinkapita kukasisita nambalayo ndi chala.

Batate atamwalira, abale anakhala pabwalo n'kugawana zonse, ndi ovolosi yomwe. Ana tinalipo asanu. Amalume anatenga awiri, azakhali awiri, kenaka onse anangoyang'ana pansi.

Batate sananame. Zosagawika anthu amazigawabe, ndipo kanthu kotsala kaja ndinali ine.