Eyiti sanayankhe pa Michesi

Wezulo ya amalume inali yachitsulo, yosupuka utoto, ndipo ankaikoleka m'khosi ndi chingwe cha nsapato. Ntchito yawo inali yoperekeza alendo okwera phiri la Michesi, anthu ochepa paulendo umodzi. Nyengo yozizira ya chaka chomwe ndinali Sitandade 6, aphunzitsi athu anawapempha kuti atengeko ana asanu ndi awiri a kalabu ya zachilengedwe. Ine ndinali mmodzi mwa anawo.

Ndinali nditangochira malungo, miyendo idakali yofooka, ndipo amayi anakanitsitsa. Amalume ankabwera Loweruka lililonse kudzawanyengerera, mpaka tsiku lina amayi anangoti, "Mumubweze dzuwa lisanapendeke, achimwene."

Milungu imeneyo amalume ankatiphunzitsa kuseri kwa sukulu. Aliyense atenge botolo la madzi, juzi ndi chinangwa chophika. Osathamanga, osapatuka, ndipo wosochera akamva wezulo aime pomwepo. Anatipatsanso manambala kuti tikaima tizidziwerenga mokweza. Ine ndinali wani, aphunzitsi anali eyiti.

Tsikulo tinanyamuka mame asanakamuke. "Iwe mphwanga, tsogola," anatero amalume, ndipo ndinayenda monyada ngati phirilo linali langa. Lero ndikudziwa kuti amene amayenda pang'onopang'ono ndiye amaikidwa patsogolo, kuti gulu liyendere mphamvu zake. Palibe anandiuza, ndipo ndimawathokoza.

Udzu unatinyowetsa mpaka m'mawondo. Anyani ankatikuwa ali pathanthwe, mphepo ikubweretsa fungo la makala owotchedwa kutali. Titaima kuti tidye, ndinaona madenga a malata a ku Boma akunyezimira pansi, aang'ono ngati zitsekerero za mabotolo.

Titapitiriza ulendo, chiperoni chinatipeza. Nkhungu inatsika mwakachetechete, moti potembenuka ndinkangoona mnzanga wondiponda chidendene basi. Amalume anatiimitsa n'kunena kuti tiwerenge. Wani, thuu, mpaka seveni. Eyiti sanayankhe.

Mtsikana wina anayamba kulira, akuti mizimu ya m'phiri yawatenga aphunzitsi. Amalume sanamukalipire. Anatikhazika pamwala umodzi, tigwirane manja, tivale majuzi. "Wosochera sasakidwa ndi gulu lonse," anatero. Anaimba wezulo katatu, n'kudikira. Anaimbanso. Kachinayi, mawu anamveka chakumunsi, osasa: "Ndili kuno!"

Aphunzitsi anali atatsalira kumanga nsapato, kenako n'kutsata kanjira ka otola nkhuni. Atamva wezulo anaima pomwepo monga tinaphunzirira, ndipo amalume anakawatenga. Anafika buluku lili matope okhaokha, magalasi ali m'manja. Tinaseka mpaka misozi, osati chifukwa cha matopewo ayi.

Pamwamba sitinafike. Amalume anati tibwerere, ndipo ine ndinatupa nazo mtima njira yonse. Tsopano ndili ndi ana anga, ndimaona kuti tsiku limenelo sanachite chanzeru china choposa chimenecho.

Patsinde pa phiri, pomwe njira imawoloka kamtsinje, tinapeza amayi ataima ndi ndowa. Anandigwira mutu, mapewa, manja, ngati akuona ngati zonse zilipo. Kenako anandikalipira kuti ndadetsa juzi. Amalume anawalankhula motsitsa mawu m'Chilomwe, iwo n'kupukuta maso ndi chitenje.

Panapita zaka ndisanamve kuti ine ndisanabadwe, madzi atatsika m'phiri ndi miyala, mng'ono wawo wa amayi anakokoloka pamalo omwewo, ndipo chichokereni amayi ankatunga kwina. Tsikulo ndinkangodabwa kuti munthu wamkulu angaime bwanji pamtsinje tsiku lonse, n'kubwerera kunyumba akuseka, ndowa ili yopanda madzi.