Mamita Awiri a Dilu

Berita Kaupa sanagwirepo mpira wa ragibi m'moyo wake, komabe kwa zaka khumi ndi zinayi panalibe wosewera wa ku Kundiawa amene ankadziwa mtunda umene wathamanga ndi mpirawo asanamve kwa iye. Luso limeneli analitengera kwa malemu amuna ake, a Gigmai, amene ankalemba mizere ya bwalo ndi laimu Lachisanu lililonse. Iwo ankagwira nsonga ina ya chingwe, iye ina. Chingwecho anachipota yekha ndi ulusi wolukira matumba a bilumu, ndipo chinali ndi mfundo pa mita iliyonse. A Gigmai atamwalira, akuluakulu a masewerawa anazindikira kuti munthu yekhayo wotha kusiyanitsa mamita 5 ndi mamita 6 ndi maso okha anali mkazi wamasiyeyo. Anampatsa kope, pensulo, ndi malo pansanja ya thanki yamadzi, pamene bwalo lonse limaoneka bwino.

Kawerengedwe kake kanali kosavuta kukafotokoza koma kovuta kukavomereza. Ankayambira pamene wosewera walandira mpira, nalekeza pamene woimbira wafuula kuti wagwidwa, kapena pamene wapatsira mnzake. Ankawerenga mtunda wopita kutsogolo wokha. Wothamanga chopingasa, kuchokera mbali ina ya bwalo kukafika inayo, kwa Berita anali ngati wangoima. Chimene chinkamusunga pansanjapo, dzuwa kaya mvula, chinali chidwi chimodzi: chifukwa chiyani khamu limafuulira munthu wina pamene kope likutchula wina?

Munthu amene khamu linkamufuulira kwambiri chaka chimenecho anali Dilu, mwana wa mchimwene wake wa Berita, a Umba. Dilu ankasewera m'mphepete, ndipo akagwira mpira ankakhotakhota mpaka omulonda kugundana mitu. Ndiye kunabwera a Nalau, wosankha osewera wochokera ku mzinda wa Lae. Analengeza kuti kukayesedwa kutimu yaikulu adzatenga okhawo amene adzakwanitse mamita 300 pa masewera atatu omaliza, malinga ndi kope la Berita. Atatha masewera awiri, Dilu anali ndi 190.

Lolemba lake bambo ndi mwana anamupeza Berita pamsika, pamene ankagulitsa mbatata.

"Azakhali, tawerenganinso," anatero Dilu. "Paja ndinazemba anthu asanu paja! Tauni yonse inaona."

"Unawazemba ndithu, mwanangu, awiri unawazemba kawiri. Unayambira pa mzere wa 30, unakagwera pa 38. Asanu ndi atatu."

"Asanu ndi atatu? Phuma lonse lija?"

"Phuma lilibe danga m'kope langa."

A Umba analavula malovu ofiira a buai, mtedza umene ankatafuna, nasendera pafupi. "Achemwali, pensulo ilibe mbale, ife tikudziwa. Koma mwini pensuloyo ali naye. Nkhumba yotsanzikira mwanayu ndagula kale."

"Ndiye mukuti ndinamize mizere imene ndinalemba ndekha, achimwene?"

"Ndani wanena zonama? Ine ndikuti muziona ndi maso a kwathu."

"Maso a kwathu ndi amene amuononga. Mumamuombera m'manja akamavina. Muuzeni azipita kumene kuli mapolo a golo."

Loweruka, tsiku la masewera omaliza, kunagwa mvula kuyambira m'mawa, ndipo bwalo linasanduka dimba. Berita anakhala pansanja atafunda pulasitiki, kope lili pansi pa chibwano. Posakhalitsa anaona chinthu chachilendo: Dilu ankathamanga molunjika. Khamu linayamba kung'ung'udza. "Wadwala kodi? Vina, iwe!" Koma pensulo inkayenda: khumi ndi awiri, asanu ndi anayi, khumi ndi asanu. Kutatsala mphindi imodzi anali atasonkhanitsa 103. Ankafunika 110.

Mpira womaliza anaulandira pafupi ndi chithaphwi chimene chinali pa mzere wapakati. Kumanzere kunali mpata woti akanatha kuzungulira, koma patsogolo pake panaima Kawage, chimunthu chimene chinkanyamula matumba a khofi awiriawiri. Dilu anamugunda pachifuwa. Anamukankha, nam'kwekwesa, mpaka ena awiri anamugwera Dilu pamsana. Bondo lake litazika m'matope, woimbira anafuula kuti wagwidwa. Koma Dilu, kaya sanamve kaya anafuna kusamva, anapitiriza kukwawa ndi chigongono. Wezulo inalira, masewera natha, ndipo abale anamunyamula paphewa akuimba za ulendo wa ku Lae.

Berita sanalembe kanthu. Anatsika pansanja, chinthu chimene anali asanachitepo masewera akangotha, natulutsa chingwe m'bilumu. Matope anali atasunga nkhani yonse. Panali mapazi awiri pamphepete pa chithaphwi, dzenje la bondo, ndi kanjira ka chigongono kopitirira dzenjelo. Anakhoma kamtengo poyambira, nakoka chingwe. Kukafika pa bondo panali mfundo zisanu. Kukafika pothera chigongono panali zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi zitatuzo zikanamutengera Dilu ku Lae, ndipo m'phokoso lija ndi ochepa amene anamva mawu a woimbira. Berita anawamva.

"Achemwali," anatero a Umba kumbuyo kwake, motsitsa mawu, "chingwe chanu chafika uko."

"Chingwe chafika, achimwene. Masewera sanafike."

Anaphatikiza manambala kawiri, monga mwa chizolowezi chake, napereka pepala kwa a Nalau.

"298, mayi? Si mwana wa achimwene anu ameneyu?"

"Ndi yemweyo."

A Nalau anapinda pepalalo. Ku Lae kunapita anyamata ena atatu.

Nkhumba ija inaphikidwabe m'dzenje la miyala yamoto, popeza alendo anali ataitanidwa kale. Pogawa nyama, a Umba ankatchula mayina motsata ulemu wake, ndipo dzina la mlongo wawo, limene nthawi zonse linkakhala lachiwiri, linamveka pomalizira. Analandira phazi. Analikulunga m'tsamba la nthochi, nathokoza, nakadyera kwake.

Lachisanu lotsatira, akusungunula laimu m'ndowa, anaona Dilu ataima pa mzere wapakati, manja m'thumba. Matope anali atauma, ndipo dzenje la bondo linali lidakalipo.

"Azakhali, mundibwereke chingwecho."

Berita anagwira nsonga pa kamtengo kaja. Dilu anakoka, nagwada, nawerenga mfundo ndi chala, kenako anabwerezanso kuchokera mbali inayo.

"Zisanu ndithu," anatero.

"Zisanu. Ndipo zinayi mwa zimenezo unayenda utamunyamula Kawage. Zoterozo zili ndi danga lakelake, mamita oyenda munthu atakugwira kale. Chaka chonse danga lako linali loyera, Loweruka lokha munalowa 41."

"A Nalau anaziona?"

"Sanafunse. Chaka chamawa adzafunsa, kope silitayika."

Dilu anayang'ana dzenje lija, kenako mapolo. "Nanga ndikalandira mpira ndili kale pa liwiro, mumayambira pamene wandikhudza m'manja, kapena pamene phazi latera?"

Funso limeneli Berita anakhala akulisinkhasinkha yekha zaka khumi ndi zinayi, popanda womufunsa. Anatula ndowa pansi.

"Tagwira nsongayo," anatero, "ndikuonetse."