A Nathovu Akwera Phiri la Mchenga

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, a Nathovu ankachapa nsalu pa hotelo ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kukhitchini, poti manja awo sankasiyana ndi thovu la sopo. Chipinda chawo chinali chakuseri, zenera lake loyang'ana kumigolo ya zinyalala. Tawulo lililonse ankayamba alikutumula, mchenga waa! pansi, moti pofika madzulo ankawola wodzaza ndowa. Koma mapiri a mchengawo, omwe alendo ankachokera kutali kudzakwera, iwo anali asanapondeko. Amuna awo anamwalira ana anayi akadali aang'ono, ndipo tsiku lopuma linkathera pa zochapa za kunyumba.

Atapuma ntchito, mawondo atayamba kulira ngati chitseko chakale, anauza mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, kuti Loweruka akupita kukakwera phiri la mchenga.

“Amayi, ndi mawondo amenewo? Mukufuna tikakunyamuleni pamachira?”

“Ndinakubereka pa mawondo omwewa. Uwauze amuna ako abweretse galimoto.”

Mkamwini wawo, makaniko wa mimba yotsogola, anawatengadi, koma njira yonse ankanyengerera. “Amayi, pansi pali kanyumba ka mthunzi. Mukhala pamenepo, ife tikakujambulirani zithunzi.” A Nathovu anangoyang'ana pazenera.

Njira ya kugombe inkadutsa pa geti la hotelo ija. Mlonda atawaona anaseka. “A Nathovu, mwaiwala? Khomo la antchito ndi lakuseri.”

“Achimwene, taonani nsapato ndavalazi. Zikuoneka ngati zochapira? Tsegulani lakutsogolo.”

Mlonda anatsegula, mpaka kuvula chipewa.

Phirilo analiona bwino atafika patsinde pake: loyera mbee, lopanda mtengo kapena mwala wogwira. Akaponda kamodzi, phazi linkabwerera pansi theka. Mphepo inkawathira mchenga m'makutu ndi m'mano. Anavula nsapato zija nazimangirira m'khosi. Asanafike pakati, mkamwini anakhala pansi, thukuta kamukamu, akupuma ngati injini yoperewera mafuta.

“Amayi, tibwerere, mtima wangawu...”

“Khalani pomwepo, bambo. Ndikakujambulirani zithunzi.”

Mwana wawo namwino uja, amene ankakwera nawo, anafuna kuwagwira mkono, iwo anamukankha. Mawondo atakaniratu, anagwada nayamba kukwawa, diresi yawo yamaluwa ikukokeka mumchenga. Alendo otsika ankawapatukira, ena nkumawomba m'manja. “Mukuwombera chiyani?” anawakalipira. “Ndafika ngati?”

Anafika pamwamba dzuwa lili paliwombo. Anakhala pansi, miyendo tambalale. Kutsogolo kunali madzi okhaokha mpaka kumene maso analekezera. Kumanzere, pa miyala yodzaza mbalame zoyera, panali nsanja yowunikira zombo. Kumbuyo anaona denga la hotelo, ndi zingwe zawo zoyanikira zija, nsalu zikuoneka ngati timapepala.

“Taona,” anauza mwana wawo. “Wayanika uja sanakutumule. Ndikuonera pompano.” Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Namwinoyo anakhala pambali pawo.

Pamwambapo panali mayi wina wobwereketsa matabwa otsetserekera. Anawayang'ana a Nathovu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, “Agogo, awa ndi a achinyamata.”

“Alembapo zaka? Bweretsa kuno.”

Anakhala pathabwa, diresi ataipanira pakati pa miyendo, namuuza mayiyo kuti akankhe. Anatsika akukuwa, namudutsa mkamwini ngati mphepo, mpaka anakagubuduzika pansi, duku kwina, thabwa kwina. Anthu atathamangira, anawapeza chagada, akulavula mchenga, akufunsa njira ya kunsanja.

Kunsanjako sanakwere tsiku limenelo. Masitepe ake ndi opota, oposa zana, ndipo pa sitepe yachinayi mawondo anawagwetsa pansi. Anagona masiku atatu, mwana wawo akuwathowa ndi madzi otentha uku akuwakalipira. Iwo ankangomvetsera, maso ali kudenga.

Mwezi wotsatira anakwera basi osauza munthu, atatengana ndi mnzawo wina amene ankasenda mbatata kukhitchini kuja. Anakwera nsanjayo pang'onopang'ono, akupuma pa zenera lililonse, akutukwanizana za amene wakalamba kuposa mnzake. Woyang'anira nsanja atawaona akutulukira pamwamba, anawapatsa mpando wake, naimirira yekha kukhoma.