Fumbi la M'chipinda Choboolera Miyala

Mumsewu wonsewo ankangomutchula kuti Wamiyala. Munthuyo anali wouma ngati ndodo imene ankayendera, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ntchito yake inali imodzi: kukwera mapiri, kutola timiyala, n'kudzapangira mikanda ndi ndolo. Anali ndi lamulo lake loti mwala sautola asanaujambule. Ankagwada, n'kuujambula pomwe wagonapo, kaya ndi m'mbali mwa mtsinje kaya pansi pa thanthwe, kenako n'kuunyambita kuti aone mtundu wake weniweni. Wogula mkanda ankalandiranso chithunzi cha kumene mwalawo unachokera. Mkazi wake ankamuseka kuti anakwatiwa ndi mbuzi yonyambita mchere.

Koma mutu nawo unali wouma. Aliyense wa ntchitoyi amadziwa kuti mwala amauboolera m'madzi kuti fumbi lisauluke. Iye ayi. Ankati madzi amafufuta kadontho kosonyeza poboola, ndiponso amachedwetsa ntchito. Aneba atadandaula za phokoso la makina, iye anangotseka zenera n'kutsendera chiguduli pansi pa chitseko. M'kachipindako fumbi loyera linkatera paliponse: pa mashelefu, pa nsidze, ngakhale m'kapu yomwera madzi. Ndipo pakona, pa kampando kopanda chotsamira, pankakhala mkazi wake akutunga mikandayo pa ulusi, tsiku ndi tsiku.

Phuma linamuyamba pa kachitunda kena kamene pali mtengo wopindika, malo amene kale ankadutsa akuimba. Chaka china anayamba kuimapo kuti apume. Chaka chotsatira ankachita kukhala pansi, m'chifuwa mukulira kamluzu kowonda ngati ka ketulo. Kuchipatala, dokotala anakweza chithunzi cha mapapo ake powala, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, fumbi la miyala likalowa silitulukanso," anatero dokotalayo. "M'chipindamo mumagwira ndi ndani?"

"Ndekha."

Limenelo linali bodza lankunkhuniza, ndipo palibe chomuikira kumbuyo. Anachita mantha basi. Kufa ndi fumbi lake lomwe akanatha kuvomera, koma kuti wapumitsanso mnzake fumbi lomwelo, zimenezo sankafuna n'kuzimva komwe. Kuyambira tsikulo anasanduka mlonda wa mpweya wa mkazi wake. Mayiyo akamasesa, iye makutu tcheru. Akamachapa, makutu tcheru. Sankamva kanthu, ndipo ankadzitonthoza kuti mkazi wake wapulumuka. Anaiwala kuti m'nyumba mulibe chitunda.

Miyala itatha m'mabotolo, mkazi wake anatenga nsapato za mwamuna wake zokwerera phiri n'kufutsamo nsanza kuti zimukwane.

"Ndipita ine," anatero. "Mukufuna tiziboola chiyani, mbale zodyera?"

"Inu amayi, phiri mukulidziwa?"

"Zaka zonsezi ndikuliona pa zithunzi zanu. Likandiona lindizindikira."

Wamiyala anamuphunzitsa kamera atakhala pa bedi, akupumira mawu aliwonse. Batani la pamwamba ndi lojambulira. Lofiira la pambali asalikhudze. Mwala asautole asanaujambule. Kunyambitako mkaziyo anakana, nati lilime lake lili ndi ntchito zina.

Anabwerako dzuwa likadalipo, chikwama chikulemera, nsapato zili matope okhaokha. Anakhuthula miyala patebulo napita kukasamba. Wamiyala anayatsa kamera. Zithunzi zina zinali zopendekeka, china chala chitatseka theka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anaseka mpaka kutsokomola. Koma chithunzi chotsatira chinayamba kuyenda. Mayiyo anali atakhudza batani lofiira lija osadziwa, kamera n'kumajambula kanema ili lende pakhosi.

Munalibe choona chenicheni: udzu, nsonga za nsapato, timiyala ta m'njira. Koma mawu analimo. Wefuwefu wa munthu wokwera, ndiye kenako mapazi anaima. Kamera inapendekeka, n'kuonetsa tsinde la mtengo wopindika uja. Mayiyo anali atakhala pansi. Ndipo pakati pa kupuma kulikonse pankamveka kamluzu kowonda, kamene Wamiyala ankakadziwa kuposa mawu ake omwe. Kenako chifuwa chouma, chachitali, chosatulutsa kanthu.

Anaibwereza katatu, kamera ataigunditsa kukhutu. Mtima unamupweteka kuposa tsiku la kwa dokotala lija.

Anadzikoka mpaka m'chipinda choboolera, nagwira zenera. Zaka khumi ndi zisanu lisanatsegulidwe, linali litagwira dzimbiri. Analimenya ndi chikhatho, nalimenyanso, mpaka linatseguka, fumbi la pa felemu n'kumugwera kumaso. Mkazi wake anamupeza atatsamira khoma, akusakasaka mpweya.

"Abambo, mwatani? Mukufuna kudzipha?"

Iye anangomupatsa kamera. Mayiyo anamvetsera pang'ono, n'kuizimitsa, n'kuiika bwinobwino pa shelefu.

"Paja munati lofiira ndisalikhudze," anatero.

"Dokotala anandifunsa kuti ndimagwira ndi ndani muno. Ndinati ndekha." Mawu ankatuluka limodzilimodzi. "Ndinanama, amayi. Mawa tipite akakuoneni."

Mkaziyo anakhala pa kampando kake kaja, napukuta fumbi pa bondo.

"Ndikudziwa kuti munanama. Ndinali panja pa chitseko cha dokotala, ndinamva."

"Nanga bwanji simunalankhule?"

"Kamluzuka ndinayamba kukamva chaka chatha, pokwera masitepe ndi ndowa. Ndinkati wodwala mmodzi m'nyumba akwana." Anayang'ana zenera lotsegulalo. "Ndinkachita kupuma pang'onopang'ono mukakhala pafupi. N'kotopetsa, mukudziwa."

Mphepo inalowa, n'kuyamba kuulutsa fumbi la pa mashelefu. Onse awiri anatsokomola. Mayiyo anadikira kuti chifuwa chidutse, kenako anatola mwala umodzi mwa imene anabwera nayo, wotuwa, wooneka wachabechabe, naupereka kwa mwamuna wake.

"Uwu ndatola pa mtengo paja, nditakhala pansi. Sindinaujambule. Mphamvu zokwezera kamera ndinalibe."

Wamiyala anaulandira. Sanaunyambite, ndipo sanauboole mpaka lero.